Dokotala Wovundika

Dziko la Tidzafika ndi lalikulu mochititsa manyazi. Lamulo likanyamuka ku likulu mvula yoyamba itangogwa, limakafika kumalire anthu akukolola. Kuseri kwa phiri la Sitinamve kuli midzi imene mpaka lero imaombera m'manja mfumu yoti idaikidwa m'manda kalekale. Anthu ake ndife ochuluka ngati nyerere za pa fupa, ndipo tonse timadziwa kayendetsedwe ka dziko, makamaka tikakhala pa mzere wa kuchigayo.

Chaka chimenecho pampando panali Mfumu Sindilakwa Wachitatu, ndipo chuma chinali kukula. Ankatero ndi a wailesi m'mawa uliwonse nyimbo ya fuko ikangotha. Palibe adachionapo ndi maso chumacho, koma ife a ku Tidzafika sitifunsafunsa za mwana wa eni. Akati wakula, timati zikomo, akule ndithu.

Mavuto adabwera ndi alendo. Adachokera kutsidya la nyanja zamchere atanyamula tizikwama topyapyala, ndipo adazungulira likulu la Posachedwa masiku awiri osatsitsako galasi la galimoto. Pochoka adati chuma chikukuladi, koma chikukula choyenda pansi. Dziko lalikulu chonchi, loti ana obadwa tsiku limodzi akhoza kudzaza mabasi makumi anayi, chuma chake chiyenera kuthamanga. Adalonjeza kudzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi kudzaona ngati chayamba liwiro.

Mfumu idakhumudwa. Sabata yomweyo idakhazikitsa Unduna wa Liwiro la Chuma n'kuupereka kwa mlamu wake, Olemekezeka a Mpupuluma, munthu woti ankayamba kutsazika asanapereke moni.

Tsono pa msewu wochokera ku likulu pali msika wa Onjezaniko, pomwe mabasi amaima kuti anthu akataye madzi. Pamenepo ndi pomwe pankagulitsa nthochi Nadzimbiri. Mayi ameneyu ukamuuza kuti nthochi zake zadula ankakufunsa ngati kwanu kulibe dothi. Sukulu adalekeza Sitandade 2. Posaina ankadinda chala, ndipo chala chimenecho chidamuvomerera zinthu zingapo zimene akadadziwa kuwerenga akadazikana. N'chifukwa chake pa moyo wake ankafuna chinthu chimodzi chokha: mwana wake Esinala, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu amene anali Fomu 2 pa Sekondale ya Dikirani, aphunzire mpaka adzakhale dokotala. Dokotala wodziwa, woti akagwira munthu pamimba adziwe chimene wagwira. Khobidi lililonse lotuluka pa benchi lake linkapita ku ulendo umenewo.

Pa benchipo pankakhala nthochi za mitundu iwiri. Kumanja ankaika zokhwimira pa mtengo, za anthu a m'deralo, odziwa kumene iye amakhala. Kumanzere ankaika zodula zanthete n'kuzivundika m'dzenje masiku atatu, kunja chikasu chochititsa kaso, m'kati zomata lilime ngati waluma kandulo. Zimenezi zinali za anthu a pa basi.

"Wa pa basi sabwerera, achemwali," ankamuuza Abiti Jafali, mnzake wa benchi loyandikana amene ankakazinga zitumbuwa. "Akamadzaluma ali kutali. Atukwane ali komweko."

Tisamunene. Tonse pamsika paja tili ndi dzenje lathu.

Lolemba lina a Mpupuluma podutsa adaona mayi akutsitsa mikoko yobiriwira pa ngolo. Lachinayi pobwerera adaona mayi yemweyo, benchi lomwelo, nthochi zili chikasu chokhachokha. Adaimitsa mdipiti wonse wa magalimoto khumi ndi imodzi.

"Mayi, nthochi izi si zija zinali zobiriwira Lolemba?"

"Mukugula kapena mukufufuza?"

"Ine ndine Nduna ya Liwiro."

"Mtengo ndi womwewo, angakhale a liwiro."

"Ndikufuna kudziwa mmene mwazifulumizitsira."

Nadzimbiri adawayang'ana nsapato, n'kuyang'ana magalimoto aja, n'kuwerengera mumtima.

"Nzeru pamsika sitipereka ulere, bwana. Pano ndi chimbudzi chomwe timalipira."

M'mawa mwake adamutengera ku nyumba yachifumu. M'bwalo munali nduna makumi asanu ndi awiri, aliyense ndi wachiwiri wake kumbuyo womugwirira chipewa. Zinali zitatha masabata atatu zikukambirana ngati chuma chimathamanga ndi miyendo kapena ndi mateyala, ndipo komiti imene idatumidwa kukafufuza inali isanabwere kunyanja kumene idapita kukaganiza. Nadzimbiri adagwada monga mwa mwambo, adaomba m'manja, n'kunena mtengo wake asanafunsidwe: malata makumi atatu a denga la nyumba yake.

"Khumi," adatero a Mpupuluma.

Nadzimbiri adadzuka, adamanga chitenje bwinobwino, n'kuyamba kulunjika kukhomo.

"Khumi ndi awiri."

"Ndasiya benchi ndi munthu wosadziwa mitengo. Ndiloleni ndizipita."

"Khumi ndi asanu, mayi. Boma lilibe ena. Otsalawo tidafolera nawo khola la mahatchi."

Adabwerera n'kukhala pansi. Mumtima adagamula mlandu wake mwachilungamo cha pamsika: wapereka theka alandire theka.

"Mumakumba dzenje," adatero. "Mumayala masamba. Mumaika nthochi, n'kukwirira, kusiya kabowo. Pa kabowopo mumafukiza utsi m'mawa ndi madzulo. Masiku atatu, zapsa."

"Basi?" idafunsa mfumu.

"Za malata khumi ndi asanu, basi."

Theka lotsalalo adalisunga m'kamwa. Theka lake linali loti dzenje limapsetsa koma silikhwimitsa, nthochi iyambe yatha miyezi yake pa mtengo. Mwana aliyense wa ku munda amadziwa zimenezi. Koma m'bwalo lija munalibe munthu woti adadulapo mkoko, ndipo palibe adafunsa.

Mfumu idaimirira, maso ali kudenga.

"Makolo athu adati papsa tonola," idatero. "Ife lero tikuti, posapsa vundika."

Nduna zidaomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ziwiri zidalira. Ina idapempha kuti mawuwo alembedwe pa ndalama.

Ndi mmene lidabadwira Lamulo la Mvundiko. Chilichonse chochedwa m'dziko la Tidzafika chivundikidwe, ndipo chipse pa masiku atatu. Mawu oti chachiwisi ndi oti sichinakhwime adaletsedwa, wowatchula pagulu akagwire ndende.

Adayamba ndi msewu wa ku Sitinamve umene udakanika zaka makumi awiri. Adauphimba ndi masamba a nthochi, adawotcha mateyala akutha m'mbali mwake, ndipo tsiku lachitatu utada bii ndi mwaye nduna idadula riboni n'kulengeza kuti ndi wa tala. Fakitale ya nsapato adaimanga chumuni chokha, poti ndicho chimaoneka munthu ali m'galimoto, n'kulemba amuna anayi osonkha moto pansi pake. Nsapato sizidatuluke koma utsi unali wa dziko lotukuka. Adafika mpaka pa mimba: miyezi isanu ndi inayi adati yachuluka, ikhale itatu. Ana adapitiriza kubadwa pa nthawi yawo, ndipo kuchipatala ankawalemba kuti ndi otsutsa boma.

Ife tinkadandaula, inde, koma chapansipansi, ndipo kudandaula kwathu kumathera m'nthabwala ngati mkangano wa pamowa.

"Amuna anga ndawavundika dzulo ndi bulangete," adatero Abiti Jafali akutembenuza zitumbuwa. "Mwina angapse n'kuyamba kugwira ntchito."

"Amenewo adapsa kale, achemwali," adayankha Nadzimbiri. "Akungodikira ntchentche."

Iye zinthu zinkamuyendera. Mfumu idamupatsa dzina loti Mayi wa Liwiro, ndipo nkhope yake adaidinda pa chitenje cha boma pambali pa ya mfumu. Opanga chitenjecho sadayeze bwino, moti mayi aliyense akachimanga, mfumu inkagwera pantchafu ndipo Nadzimbiri ankagwera pokhalira penipeni. Iye ankati ulemu ndi ulemu. Ankayenda mumsika chifuwa patsogolo.

"Ine wa Sitandade 2," ankatero, "nduna zimalemba ndikamayankhula."

Pa mwezi wachinayi a Mpupuluma adatulukira kuti chinthu chochedwetsetsa m'dziko lonse ndi mwana wa sukulu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akudya chabe, pofuna pepala limodzi. Lachiwiri lotsatira ana a sekondale zonse adawatsekera m'maholo, mawindo adawatseka ndi masamba a nthochi, ndipo pakhomo adawotchapo mabuku kuti nzeru zilowe ndi utsi kudzera m'mphuno. Ku Dikirani mabuku anali ochepa, adachita kuwonjezera makatoni a sopo. Lachisanu m'mawa adawatsegulira akutsokomola n'kuwagawa mmene adakhalira: mzere woyamba mainjiniya, wachiwiri oweruza milandu, wachitatu madokotala. Esinala adakhala mzere wachitatu chifukwa khoma la pamenepo linali ndi mng'alu wolowa mpweya.

Adafika pamsika masana atavala mkanjo wakuda wofika pansi, maso ali psuu, pepala lili m'manja. Nadzimbiri adalipereka kwa Abiti Jafali, amene adafika Sitandade 6, kuti aliwerenge.

"Akuti Esinala ndi Dokotala Wamkulu wa Maopaleshoni. Ayambe ntchito Lolemba pa chipatala cha Pepani."

Tinene zoona, Nadzimbiri adavina. Adaimba nthungululu mpaka nkhuku za m'madengu kudzidzimuka. Adagawa nthochi zaulere, za kumanja, chinthu chimene sichidaonekepo chikhazikitsire msika. Zaka zisanu ndi zinayi za fizi zimene ankaziopa zinali zitapsa pa masiku atatu, ndipo nzeru yake inali yake yomwe. Adazungulira benchi katatu asanazindikire kuti mwini pepalayo wangoima ngati chitsa.

"Wakwiyiranji, dokotala?"

"Amayi, sindidziwa kanthu."

"Pepala likuti ukudziwa."

"Tinali pa duwa la nyemba. Za thupi la munthu aphunzitsi athu a Chapola amati tiyamba temu ya mawa."

Nadzimbiri adamugwira pa dzanja n'kumukokera kwa munthu wa chiwaya, amene anali atangotumbula mbuzi, zam'kati zili m'beseni.

"Loza ndulu."

Esinala adayang'ana m'besenimo nthawi yaitali. Adaloza.

"Imeneyo ndi impso, adokotala," adatero wa chiwaya mwaulemu.

Pobwerera adapeza Abiti Jafali akupserereza zitumbuwa, maso ali pa pepala lija.

"Make Esinala, amuna anga aja ali ndi chotupa m'mimba. Ku Pepani adawalemba kuti adzawang'amba Lolemba, ndipo madokotala akale awachotsako." Adaphula zitumbuwa zopserera zija. "Ndi aulesi, ndikudziwa. Koma ndi amuna anga."

Chapatali pang'ono, pa mzere wa ogulitsa makala, panali patakhala a Chapola, mphunzitsi wa sayansi wa ku Dikirani, atavala taye, thumba la makala lili patsogolo. Sukulu inali itatsekedwa m'mawa womwewo poti ana onse anali atamaliza. Nadzimbiri adapita kukaima pamaso pawo.

"Aphunzitsi, musandinamize. Mwanayu ali bwanji?"

A Chapola adayang'ana uku ndi uku, poopa lamulo lija.

"Mutu ali nawo, mayi. Wabwino zedi. Akungofunika zaka zake."

Zaka zake. Mawu omwewo amene iye adawasunga m'kamwa chifukwa cha malata. Adaima pakati pa msika, chitenje cha nkhope yake chili m'chiuno, n'kuona mmene zinthu zakhalira. Mwana akapita ku Pepani Lolemba, apha munthu. Akakana kupita, ndiye kuti wanena kuti ndi wamuwisi, akagwira ndende. Ndipo kulikonse kumene angapite, sukulu yatha, sadzadziwanso kusiyana kwa ndulu ndi impso mpaka kufa.

"Walira mvula walira matope," adadziuza yekha. "Koma matope awa ndaponda ndine, ndi mapazi anga awiri."

Loweruka m'mawa adakwera basi yoyamba ya ku Posachedwa, Esinala ali pambali ndi mkanjo wake. Alonda a pachipata adamulola kulowa atatembenuka n'kuwaonetsa nkhope ya pa chitenje. A Mpupuluma adawapeza pakhonde la bwalo akuthamangira kwinakwake.

"Bwana, ndabweza katundu."

"Katundu wa boma sabwezedwa, Mayi wa Liwiro."

"Uyu ndi wanga. Ndidamubereka ndekha, miyezi yonse isanu ndi inayi. Ndikufuna abwerere Fomu 2."

A Mpupuluma adaseka, kenaka adaona kuti mayiyo sakuseka.

"Ngati udokotala wamulemera, akhale namwino."

"Fomu 2."

"Wothandiza namwino. Wongopereka mapiritsi."

"Fomu 2."

"Mayi, tikumane pakati. Fomu 4, ndi satifiketi yake."

"Pakati mumakumana ndi munthu amene akufuna kugulitsa. Ine sindikugulitsa."

Ndunayo idatsitsa mawu. Idafotokoza kuti alendo aja atsala ndi mwezi umodzi, kuti wailesi yalengeza kale madokotala zikwi makumi anayi, kuti mmodzi akabwerera m'kalasi mawa abwerera onse, chuma n'kugwa chagada pamaso pa dziko lapansi.

"Inuyo mukadwala amakung'ambani ndani?" adafunsa Nadzimbiri.

"Nduna zimapita kutsidya. Ndi mwambo."

"Ana anu adakhala mzere wachingati Lachisanu?"

"Anga ali kutsidya komweko. Wamkulu ali chaka chachisanu ndi chimodzi cha udokotala."

"Ndi wogona m'kalasi?"

"Kumeneko chuma chawo chidakula kale. Safulumira."

Nadzimbiri adagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye inu ndinu a pa basi, bwana. Mumagula pa windo. Ife ndife otsala pa siteji."

A Mpupuluma adakodola alonda. Koma alondawo asanasunthe kudamveka lipenga, ndipo mfumu idatulukira pakhonde ikuyenda tang'atang'a, Nduna ya Mapilo ili m'mbuyo. Nkhani yake inali yobisika koma likulu lonse linkaidziwa: Sindilakwa Wachitatu anali ndi chithupsa pokhalira, cha masabata awiri. Kutsidya sakadapita, poti m'ndege munthu amakhala pansi maola asanu ndi anayi. Milandu ankaweruza choimirira, ndipo zilango zinali zitakwera.

Idaona mkanjo wakuda uja n'kuima.

"Uyu ndani?"

"Ndi dokotala, mfumu," idayankha Nduna ya Mapilo isanaganize. "Wa maopaleshoni. Mmodzi wa a Lachisanu aja."

Tsono m'dziko lonse la Tidzafika munali munthu mmodzi yekha amene ankakhulupiriradi Lamulo la Mvundiko, ndipo anali mwini wakeyu. Nkhope ya mfumu idawala.

"Dokotala wa lamulo langa. Mulungu ndi wabwino. Aboole chinthuchi lero lomwe, nduna zonse zikuona. Itanani a wailesi."

Nadzimbiri sadayang'ane mfumu. Adayang'ana a Mpupuluma. Thukuta linali litawatuluka pamphuno. Mpeni ukaphonya pa thupi la mfumu, mutu wodulidwa ndi wawo. Akati mwanayu ndi wamuwisi, aswa lamulo lawo lomwe, ndipo amuuza Sindilakwa pamaso kuti adalakwa. Nkhope imeneyo Nadzimbiri ankaidziwa bwino. Ndi nkhope ya munthu wanjala amene basi yake yaliza injini.

"Esinala," adatero mokweza, "mfumu yalamula. Pempha mpeni."

Mtsikanayo adayamba kulira, misozi ili mbwembwembwe. Mayi wake adamutsina pa mkono n'kumunong'oneza: "Usalire iwe, ukugwetsa mtengo."

A Mpupuluma adapempha mfumu kuti akayambe akambirana ndi dokotala za mtundu wa mpeni, n'kukokera Nadzimbiri kuseri kwa chipilala.

"Make dokotala, tiyeni tiyankhulane ngati anthu akuluakulu. Fomu 2 ija ndavomera."

"Inali mitengo ya m'mawa imeneyo. Yakwera."

"Mayi, chonde."

"Sukulu itsegulidwe. A Chapola achoke pa makala, ndi anzawo onse. Mabuku mudawotcha aja mugule ena. Ana onse abwerere, mwana saphunzira yekha, angapenge. Ndipo ku Pepani mubwezeko madokotala akale Lolemba lisanafike, kuli munthu waulesi woti asafe."

"Koma sindingatchule mawu aja. Ndinena kuti chiyani?"

"Mawu ndi ntchito yanu. Ine ndimagulitsa nthochi."

Ndunayo idapukuta thukuta. Munthu wa malonda aliyense amafuna atolepo kanthu, angakhale waluza.

"Ndiye dzina la Mayi wa Liwiro lichoka. Ndi nkhope ya pa chitenje."

"Tengani. Ndatopa kukhalidwa."

A Mpupuluma adabwerera n'kugwada. Pa bodza munthu uyu anali wokhwimira pa mtengo. Adauza mfumu kuti dokotala wa msinkhu umenewu n'kulakwa kumuonongera pa chithupsa. Adati madokotala a Lachisanu apsa mofulumira kwambiri moti nzeru zawadzadza mpaka m'khosi, ndipo chotsala n'kuwatumiza ku maphunziro apamwamba owonjezera, monga amachitira kutsidya. Dziko limene madokotala ake onse, mainjiniya onse ndi oweruza onse ali pa maphunziro owonjezera nthawi imodzi, alendo sadalionepo.

"Adzadabwa?" idafunsa mfumu.

"Adzatsitsa galasi, mfumu."

"Maphunziro ake achitikira kuti?"

"Ku Dikirani, ndi malo ena otero. Tingosintha zikwangwani."

Mfumu idaganiza, dzanja lili m'chiuno, n'kulengeza kuti maganizo amenewa idali nawo kale. Lamulo lachiwiri lidalembedwa nthawi yomweyo: sekondale zonse zitsegulidwe pa dzina latsopano la Sukulu za Ukachenjede Wobwereza, ndipo wophunzira aliyense ayambire pamene adalekeza, kuti aone ngati mabuku akugwirizana ndi nzeru zake.

Pachipata, potuluka, Nadzimbiri adatembenuka.

"Bwana, nzeru ija ili ndi theka lina. Malata khumi ndi asanu."

"Limatenga masiku angati?"

"Miyezi. Nthawi zina zaka."

"Lisungeni," adatero a Mpupuluma, akuthamanga kale.

Chithupsa chidaphulika chokha Lachiwiri, nthawi yake itakwana, ndipo wailesi idati chagonja. Amuna a Abiti Jafali adang'ambidwa ndi dokotala wa imvi, adachira, n'kubwerera pa mkeka wawo. Alendo adabwera, adaona utsi wa fakitale, adaona msewu wakuda, adalemba m'timabuku tawo kuti liwiro layamba koma liwonjezeke. Galasi sadatsitse. Ife tidawavinira pa bwalo la ndege, ndipo tidavina bwino, chifukwa pa zimenezo sitifuna kuvundikidwa.

Ku Dikirani belu lidalira Lolemba. A Chapola poitana maina ankati Dokotala Esinala, Woweruza Uje, Injiniya Uje, poti lamulo lidati maudindo asachotsedwe, ndipo oweruza ochedwa ankatchetcha udzu kuseri kwa ofesi monga kale.

Kumapeto kwa temu Esinala adafika pamsika atavala yunifomu, akukoka mapazi, pepala lili kumbuyo. A Chapola anali naye limodzi, poti adapempha kuti amuperekeze.

"Bweretsa," adatero Nadzimbiri.

Kuwerenga sankadziwa koma inki yofiira ankaidziwa, ndipo pa pepalapo inali ponseponse ngati pophera nkhuku.

"Aphunzitsi, apa akuti chiyani?"

"Sayansi walephera, mayi. Pang'ono pokha. Chiwindi adachiika kumanzere. Zina zonse wakhoza."

Chiyambire lamulo lija, m'dziko la Tidzafika munali musanalephere munthu. Nadzimbiri adaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali, atalitembenuza mutu pansi.

"Walephera wekha? Palibe wakuthandiza?"

"Ndekha, amayi."

"Ndiye chiwindicho chili kuti?"

"Kumanja. Pansi pa nthiti."

"Ukutsimikiza?"

Esinala adayang'ana a Chapola. A Chapola adayang'ana kumwamba.

"Kumanja," adatero mtsikanayo, mawu atalimba.

Nadzimbiri adapinda pepalalo kanayi, adaliika m'kamisolo, n'kulisisita kawiri ndi chikhatho. Adapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje, akudandaula za utsi wa mafuta a Abiti Jafali.

"Tamvera, dokotala. Ili ndalandira kamodzi. Ukadzabweranso ndi lina lofiira chonchi, ndidzakuonetsa ndekha pamene pali chiwindi." Adamukankha paphewa. "Tsopano choka apa, kawerenge. Ukunditchingira makasitomala."